Kodi fish finder imathamangitsa nsomba pa ayisi pamalo osaya? Mmene mungadziwire ndi mmene mungaigwiritsire ntchito

Mkangano uwu sutha. Nyanja zikangoundana ku Minnesota ndi ku Wisconsin ku America, ku Ontario ku Canada olo ku Finland komwe, umayambiranso pomwe unasiyira chaka chatha. Munthu wagula fish finder yake yatsopano, kamakina koonetsa pa sikirini nsomba zomwe zili mmadzi, wakwera pa ayisi wa pamwamba pa nyanja kukawedza, waboola pamalo oti madzi ake ndi mamita awiri okha, waponya kachipangizo mu bowo, pa sikirini paoneka kamzere kofiira kakuyandikira nyambo, mtima uli phaphapha, kenako zii, kamzere kaja kasowa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi. Ndiye akuweruka ali wokwiya akuti ndataya ndalama zanga, kamakina aka ndi kamene kakuthamangitsa nsomba, bola akale aja ankangowedza opanda zonsezi.

Ine maganizo anga ndinene kale poyambirira kuti musavutike kundifufuza. Pamalo osaya nsomba zimathawadi msanga, izo nde zoona, koma kawirikawiri chomwe chazithawitsa si kulira kwa sonar, kaphokoso komwe makinawa amatumiza mmadzi, ayi, ndi inuyo amene mwakhala pamwamba pa mitu yawo. Komabe kamakinako kali ndi mbali yake ing'onoing'ono pa mlanduwu ndipo pali kachitidwe kake koti kasakusokonezereni usodzi.

Tiyambe ndi makutu a nsomba

Fish finder imagwira ntchito mophweka. Pali kachimutu komwe timaviika mmadzi kotchedwa transducer, kamatumiza kaphokoso pansi, kaphokosoko kakagunda nsomba, udzu, nyambo yanu kapena pansi penipeni kamabwerera, makina nkuwerengera nthawi yomwe kayenda. Mmadzi ozizira a pansi pa ayisi phokoso limathamanga pafupifupi mamita 1,400 pa sekondi, ndiye pamalo akuya mamita awiri ulendo wopita ndi kubwera sufika olo pa magawo atatu a magawo 1,000 a sekondi. Makina ambiri owedzera pa ayisi, monga ma flasher, oonetsa nsomba ndi timizere tamitundu tothwanima, a makampani a Vexilar ndi MarCum, amalira pa 200 kHz kapena chapompo, kutanthauza kunjenjemera ka 200,000 pa sekondi imodzi.

Tsono yerekezani. Khutu la munthu wachinyamata limathera pa 20 kHz, ndipo tikamakula limatsikanso. Nsomba zomwe anthu amazifuna kwambiri pa ayisi, walleye, perch, pike, bluegill ndi crappie, zimamva maphokoso a pansi kwambiri, a besi titero, ambiri osapitirira 1 kHz. Zilibe makutu akunja, zili ndi timiyala tating'ono mkati mwa mutu tomwe timagwedezeka mosiyana ndi thupi phokoso likamadutsa. Zilipo zina zamakutu akuthwa, carp ndi nsomba za mtundu wa mlamba, zomwe zili ndi timafupa tolumikiza kathumba ka mpweya ka mmimba ndi khutu, koma nazonso zimathera cha mma 3 kapena 4 kHz. Kuchoka pa 4 kufika pa 200 ndi kuchulukitsa ka 50. Ndiye kunena kuti perch ikumva 200 kHz ndi chimodzimodzi kunena kuti inu mukumva kulira konse kwa mleme usiku. Sizitheka.

Palinso mzere uja umayenda mmbali mwa thupi la nsomba kuchoka kumutu mpaka kumchira. Umenewu sumva phokoso monga khutu, umamva kusuntha kwa madzi pafupi ndi thupi, kugwedezeka kwapang'onopang'ono kosapitirira mwina ma Hz 200. Usungeni mmutu mzere umenewu chifukwa ubwereranso kutsogoloku, ndi umene umatipachika ambirife.

Kuti ndisakunamizeni, nsomba zomva maphokoso okwera chonchi zilipo. American shad inapezeka mu 1997 kuti imamva mpaka 180 kHz, ndipo abale ake monga alewife ya mu nyanja zikuluzikulu za Great Lakes ku North America nayo imathawa phokoso lotere, moti malo ena opangira magetsi amaika dala zida zolira chonchi pakamwa pa mapaipi okoka madzi kuti nsombazi zisalowe. Akatswiri amaganiza kuti khutu limeneli zinalipeza pozemba ma dolphin omwe amasaka ndi phokoso. Koma ndani amaboola ayisi kukafuna shad? Nkhani yathu ndi ya perch ndi walleye.

Nanga katikitiki kaja?

Apa ndi pomwe otsutsa amagwira, ndipo sindiwaseka. Mukayatsa makina nkubweretsa transducer pafupi ndi khutu kwa kamphindi, mumamva tiki tiki tiki. Ndiye amati ngati ine munthu ndikumva, nsomba ingalephere bwanji? Chomwe mukumvacho si 200 kHz ija ayi, ndi kuyaka ndi kuzima kwa mphamvu nthawi iliyonse kachimutu kakaponya phokoso, kumeneko kumatulutsa kakugunda kapansi komwe khutu limatha kutola. Pamadzi akuya mamita 10 katikitiki aka ndi nkhani yosayamba nkomwe. Pamadzi a mita imodzi ndi theka, nsomba ili kufupi ndi kachimutu ngati mkono wanu, ndizomveka kuganiza kuti ingakamve. Koma kumva ndi kuthawa ndi zinthu ziwiri. Pansi pa ayisi sipali phee ngati mmene anthu amaganizira, ayisi amalira yekha, amang'aluka, amabuula kukamazizira usiku, ndipo nsomba zimakhala momwemo tsiku ndi tsiku. Kaphokoso kosasintha kobwerezabwereza nsomba imakazolowera. Chomwe sichizolowereka ndi chodzidzimutsa, chija chimangoti gu! mwadzidzidzi.

Chinyengo chachikulu: nsomba sinathawe, yangotuluka mu kuwala kwa tochi

Ichi ndiye ndikufuna tikhalepo kanthawi, chifukwa theka la madandaulo onse limachokera apa. Phokoso la transducer silimwazika mmadzi monse, limatsika ngati kuwala kwa tochi, lopyapyala kumtunda nkumatambasuka likamapita pansi. Kutambasukako amakuyeza mma digiri. Ambiri a pa ayisi ndi a madigiri 9, 12, 19 kapena 20, ena amakhala ndi ziwiri kapena zitatu mumasankha nokha.

Masamu ake ndi awa. Ndi ya madigiri 20, bwalo lomwe mukuona pansi limakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi. Pa mamita 9 mukuona bwalo la mamita atatu, nsomba mumaiona ikubwera patali, ikuzungulira, ikuganiza. Pa mamita awiri bwalo lija ndi masentimita 70 basi. Ndipo ndi pansi penipeni pamenepo, nsomba ikakhala chapakati pa mita imodzi bwalo ndi masentimita 35. Mukakhala kuti mwaiwala makina ali pa madigiri 9 ndiye kwatha, pansi pa mamita awiri mukuona masentimita 30 okha, kukula kwake kungoposa bowo lanu pang'ono. Nsomba ikangopukusa mchira kamodzi yatuluka. Pa sikirini zimaoneka ngati yabwera mwaliwiro nkuthawa mwaliwiro, pomwe mwina ili pompo pambali theka la mita ikuyang'anabe nyambo yanu.

Ine zinandichitikira ndithu. Tsiku lina ndinakhala maola awiri ndikulalatira kamakina kanga pa mamita awiri ndi theka, mizere ikungothwanima nkuzima. Mnzanga anali ndi kamera ya mmadzi, tinaiponya mu bowo lina chapafupi, aaa, ma bluegill anali mbwee kuzungulira nyambo yanga, akulowa ndi kutuluka mu kabwalo kaja mwaulesi, palibe ndi imodzi yomwe yooneka yamantha. Anali kungoikana nyamboyo basi. Ndinasintha nkuika kanyambo kakang'ono, zinayamba kudya makina ali chiyakire.

Ndiye choyamba kuchita pamalo osaya, sankhani bimu yotambasuka, bimu ndiko kutsika kwa phokoso kuja konga kuwala kwa tochi. Yopyapyala ija isungireni madzi akuya kapena pamene udzu wathithikana kwambiri moti yotambasuka ikungokudzazirani zobiriwira pa sikirini.

Musanayatse nkomwe makina

Ntchito yeniyeni yosathamangitsa nsomba imayamba mukutsika galimoto. Ayisi amanyamula phokoso bwino koopsa, kuposa madzi, ndipo pamalo osaya nsomba ili mamita awiri kuchoka pa chidendene chanu. Taganizani muli mnyumba wina akuyenda pa denga la malata atavala nsapato za misomali, ndi mmene nsomba imakumverani. Zitsulo zija timavala kunsi kwa nsapato kuti tisaterereke ndi zofunika inde, koma zimati kwetekwete pa ayisi wopanda chipale chofewa. Kukoka sileji, kangolo kotsetsereka pa ayisi, yodzaza katundu, kuponya ndowa, kugwetsa pulayazi, kumenya chitseko cha kanyumba kowedzeramo, snowmobile ya mnzanu, njinga yamoto yoyenda pa chipale, kudutsa pafupi, zonsezi ndi maphokoso apansi, enieni aja nsomba imamva bwino.

Choboolera ndiye mfumu ya phokoso. Kaya ndi cha petulo, cha batire kapena chamanja, mpeni ukamadya ayisi nsomba zonse za pafupi zimadziwa. Cha batire ndi chamanja chili bwinoko chifukwa palibe injini yolira pamwamba, koma musadzinamize kuti ndi chachete. Ndiye kachitidwe kake nkotere: fikani msanga, boolani mabowo onse omwe mukufuna nthawi imodzi, kaya 8 kaya 12, motsatira mphepete mwa udzu kapena pomwe pansi payamba kutsetsereka, mukatha chokanipo. Pitani mukamwe tiyi, mukakonze mbedza, papite mphindi 15 kapena 20. Kenako bwererani mukuyenda monyang'ama nkuyamba ndi bowo lomwe munaboola koyamba. Amene amaboola bowo limodzi, kuponya transducer pompo, nkuona kuti palibe kanthu, nkuboolanso lina, amakhala akuzikusa nsomba kutsogolo kwake tsiku lonse, ndipo madzulo mlandu amaupatsa makina.

Ngati mukufuna walleye yomwe imakwera kumalo osaya dzuwa likamalowa, mabowo akhale okonzeka ola lathunthu nthawiyo isanakwane. Kuboola pa nthawi yomwe zikufika ndi kudzilanda wekha.

Pali kanzeru kena kochepetsa kuboola mwachisawawa. Ayisi akakhala woyera mbee wooneka mkati, wopanda thovu, thirani timadzi pang'ono pamwamba nkukhazika transducer pamenepo, makina amatha kuwerenga kuya kwa madzi kudutsa mu ayisi momwemo. Pa ayisi wotuwa wosakanikirana ndi chipale sizigwira bwino, koma koyambirira kwa nyengo zimathandiza kwambiri.

Kuwala nako. Nyanja ikakutidwa ndi chipale chofewa pansi pamakhala mdima, inu mukaboola nkuyeretsa bowo lonse dzuwa likuswa mtengo, mumatsitsa mzati wa kuwala mmadzi ngati tochi, ndipo nthawi iliyonse mukaweramira pa bowo chithunzithunzi chanu chimaudula mzatiwo. Pamalo akuya zilibe ntchito, pa mita imodzi ndi theka nsomba zazikulu zochenjera zimazemba. Ndiye musamachotse zinyenyeswa zonse za ayisi, siyani zina ziyandame, ingotsegulani kampata koti nyambo idutse. Kapena khalani mu tenti. Koyambirira kwa nyengo ayisi akakhala ngati galasi nsomba imakuonani inuyo bwinobwino, funani pomwe pali kachigamba ka chipale mukhale pamenepo.

Poti tatchula za ayisi woyambirira, ndisadutse osanena. Nthambi yoona zachilengedwe ya boma la Minnesota, DNR, imati ayisi watsopano wooneka mkati akhale wosachepera mainchesi 4, ndiwo masentimita 10, kuti munthu ayendepo wapansi, ndipo ayisi wotuwa mphamvu yake ndi theka chabe. Malo osaya omwe tikukambawa ndi omwe amanyenga, pali mabango, pali udzu, pali timitsinje tolowa, zonsezi zimafooketsa ayisi. Yezani mukamapita, valani mkhosi tizisonga tobaya pa ayisi podzitulutsa mukagwera mmadzi, ndipo musapite nokha. Madzi a mamita awiri amamiza munthu chimodzimodzi.

Kuika transducer

Ambiri amalakwitsa apa osadziwa. Amasiya waya wautali, kachimutu nkumalendewera theka la mita kunsi kwa ayisi. Pamadzi akuya mita imodzi ndi theka ndiye kuti mwaika chinthu chakuda chachilendo pakati penipeni pa nyumba ya nsomba, chikuzungulira, chikugwedezeka nthawi iliyonse mukakhudza waya. Mwaukumbukira mzere wa mmbali uja? Ndi umenewu tsopano ukugwira ntchito, kuphatikiza maso. Olo mutazimitsa makina, chinthucho chikhalabe chikulendewera pompo.

Kachimutu kakhale kongofika kumunsi kwa ayisi, kapena kutulukira pang'ono chabe kuti phokoso lisagunde mmbali mwa bowo. Sunthani kachoyandamitsa kaja pa waya mpaka zikhale choncho, ndipo onetsetsani kuti kaloza pansi molunjika, kakapendekeka nyambo yanu simuiona. Poika mmadzi ikani mwaulemu, osachita kuponya kuti chubwi, komanso kasamagundegunde mmbali mwa bowo.

Ena amaboola bowo lachiwiri pambali la transducer yokha, ndipo ndi nzeru yabwino chifukwa nsomba ikakodwa simakola waya, komanso simuchita kutulutsa ndi kubwezera kachimutu nthawi ndi nthawi, komwe ndi phokoso lina. Koma kumbukirani masamu aja. Pa mamita awiri ndi bimu ya madigiri 20, kuchoka pakati pa bwalo kufika kumapeto ndi masentimita 35, ndiye bowo lachiwirilo likhale moyandikana kwambiri, apo ayi muziona pansi pokha nyambo osaiona.

Mabatani

Pali kusamvetsa kumodzi komwe ndimakumana nako pafupipafupi. Anthu amatsitsa gain poganiza kuti akuchepetsa phokoso lopita mmadzi. Pa makina ambiri gain ndi khutu la makinawo, osati pakamwa pake, imangosintha mmene akumvera zobwerera. Muitsitse ndithu, koma chifukwa chake ndi china: pamalo osaya gain yokwera imapangitsa chilichonse kuoneka chachikulu, udzu, tizilombo, thovu, nyambo nkukhala chimzere chonenepa chobisa nsomba yomwe yaima pambali pake. Yambirani pansi penipeni nkumakweza pang'onopang'ono mpaka nyambo ioneke ngati kamzere kopyapyala, pa Vexilar kobiriwira, kongothwanima. Pamenepo siyani. Nsomba ikalowa muona kamzere kena kakuyamba kobiriwira, kenako ka olenji, kenako kofiira ikafika pakati penipeni pansi pa bowo. Makampani ena mitundu amaisanja mosiyana ndiye dziwani ya makina anu.

Chomwe chimathandizadi pamadzi osaya ndi low power. Vexilar FL-18 ili nayo kale, amalemba LP, pomwe pa FL-8 anthu amagula kawaya kapadera kotchedwa S-Cable kochepetsa mphamvu. Anazipanga kuti sikirini isadzaze zinyalala pamadzi osaya ndi mu udzu, osati chifukwa choopa kuthamangitsa nsomba, koma ngati mtima wanu sukukhazikika pa za katikitiki kaja, yatsani LP, mupindula pawiri. Makina a sikirini yamakono ali ndi njira zawo za madzi osaya mu menyu, ndipo ena amalola kuchepetsa liwiro la ma ping, ndiko kuti kangati kachimutu kaponye phokoso pa sekondi.

Range, ndiko kuya komwe sikirini ikuonetsa, ikhale yaifupi kwambiri yomwe makina akulola, kuti mamita awiri anuwo atambasuke pa sikirini yonse. Ndipo dziwani kuti kachigawo kakumtunda kufupi ndi kachimutu kamakhala kodzaza zosokoneza nthawi zonse, nsomba yoyenda chokhudza ayisi simungaione, ndipo crappie imakonda kutero makamaka kumapeto kwa nyengo. Mukakhala pafupi ndi anzanu omwenso ali ndi makina muona timizere tozungulira tosamveka, amenewo ndi makina akumvana okhaokha, dinani batani la IR, lochotsa zosokoneza za makina ena, mpaka zithe. Si nsomba zikubalalika ayi.

Za makina atsopano oonetsa nsomba ikuyenda

Kuyambira pomwe Garmin inatulutsa LiveScope mu 2018, kenako Lowrance ndi ActiveTarget, Humminbird ndi MEGA Live, mkangano uja wapsanso kwambiri, chifukwa tsopano anthu amaiona nsomba ikutembenuka nkuchoka ndi maso awo. Ena amalumbira kuti akailozetsa bimu nsomba imasuntha, makamaka pa nyanja zomwe asodzi amadzadzana. Pa nkhani ya kumva, makina awa amalira mokwera kuposanso akale aja, LiveScope imayambira cha pa 530 kHz kupitirira 1,000 kHz, kutali zedi ndi khutu la nsomba. Ine chomwe ndimachikayikira kwambiri ndi chipangizo chenichenicho. Ndi chachikulu, chili pa chimtengo, mumachitsitsa kunsi kwa ayisi nkumachizunguliza uku ndi uku, chimtengocho chikukhula mmbali mwa bowo, inu mukupondaponda pozungulira. Pa mamita awiri zimenezo ndi chipwirikiti. Komanso kale nsomba zinkatembenuka nkuchoka chimodzimodzi, kungoti sitinkaziona.

Ndiye pamalo osaya chimakina chotere musachiike mu bowo lomwe mukuwedza. Chiikeni mu bowo lapatali mamita angapo, chiyang'ane chammbali kuloza komwe kuli nyambo, chisiyeni phee. Mukatero mumaona dera lalikulu kuposa kabwalo ka flasher, ndipo pamutu pa nsomba palibe cholendewera.

Mmene mungayesere nokha

Osangomvera ine kapena wina aliyense, nyanja yanu muiyese nokha, koma muyese mwachilungamo. Kuzimitsa makina kamodzi nkugwira nsomba imodzi si umboni, mwina yangofika nthawi yoti zidye. Nsomba za pansi pa ayisi zimadya mwa nthawi, mbandakucha ndi chakumadzulo zimachangamuka, masana zimagwa ulesi, ndiye mukawedza mmawa makina ali oyaka masana ali ozima mupeza yankho labodza.

Chitani chonchi. Khalani pa bowo limodzi, nyambo imodzi, kagwedezedwe kamodzi. Mphindi 15 makina oyaka, mphindi 15 ozima koma kachimutu kali mmadzi momwemo, mphindi 15 kachimutu mutakatulutsiratu. Bwerezani kangapo, lembani pa foni kuti zajompha kangati ndipo mwagwira zingati, chitaninso tsiku lina posinthanitsa dongosolo. Magawo atatuwa ndi ofunika chifukwa amalekanitsa phokoso ndi chinthu cholendewera. Mukapeza kuti zikudya bwino pokhapokha kachimutu katatuluka, vuto ndi kaikidwe kanu osati kulira kwake. Kuti nyambo ikhale pamalo amodzi makina atazima, ikani chizindikiro pa chingwe.

Njira yokoma kuposa zonse ndi kuona ndi maso. Pamadzi oyera osaya lowani mu tenti, tsekani mawindo onse mukhale mdima, bowo limawala lokha ngati TV ndipo nsomba mumaziona bwinobwino. Dikirani imodzi ifike pa nyambo, mnzanu ayatse makina mwakachetechete osagwedeza waya, muone ngati yadzidzimuka. Kenako ina ikafika, gogodani chidendene kamodzi pa ayisi. Kusiyana kwake mukakuona nokha. Kamera ya mmadzi ngati Aqua-Vu imagwiranso ntchito yomweyi, bola magetsi ake akhale ozima ndipo muitsitse mu bowo lina, chifukwa nayo ndi chinthu cholendewera.

Zikasowa mwadzidzidzi, ganizaninso izi

Tinsomba tambirimbiri tikangoti balala nthawi imodzi sikirini nkuyera, kawirikawiri ndi pike yalowa mderalo. Dikirani, mwina muona chimzere chofiira chonenepa chikudutsa. Zikamabwera, kuyang'ana, nkubwerera mwaulesi, ndiye kuti zakana nyambo. Mmadzi ozizira, oti kumunsi kwa ayisi ali pafupi ndi madigiri 0 pansi penipeni pafupi ndi 4, nsomba sithamangira chakudya, imachiyang'anitsitsa. Ikani chingwe chopyapyala, cha mphamvu ya mapaundi 2 kapena 3 pa bluegill ndi crappie, ikani kajigi kakang'ono, kambedza kokhala ndi kamutu kolemera, ka chitsulo cha tungsten, ndipo onetsetsani kuti nyambo sikuzungulira yokha chifukwa cha chingwe chopotana, nsomba imadana nazo zedi zimenezo. Nsomba ikayandikira musasiye kugwedeza mwadzidzidzi, pitirizani pang'onopang'ono mukukweza nyambo mmwamba, ambiri amauma manja akaona chofiira, nsomba nkutaya chidwi.

Mwezi wa February kupita March palinso china. Chipale chikachuluka kuwala sikulowa, udzu wa mmalo osaya umafa nkuyamba kuola, mpweya wa okosijeni umachepa, nsomba nkusamuka. Kokani udzu pang'ono ndi mbedza muone, ukakhala wobiriwira khalani, ukakhala wofiirira wonunkha nyamukani, palibe batani lomwe lingakuthandizeni pamenepo.

Pomwe ine ndimazimitsa

Madzi akachepera mita imodzi ndi theka ndipo ndi oyera, makina ndimangoyezera kuya ndi kuona ngati pali udzu, kenako ndimatulutsa kachimutu nkuwedza ndi maso mu tenti. Osati chifukwa choopa phokoso, koma kabwalo kaja pamenepo ndi kakang'ono moti maso anga akuona zambiri kuposa sikirini, ndipo waya umangondisokoneza nsomba yaikulu ikakodwa, poti pamadzi otere imafika pa bowo isanatope nkomwe. Kuyambira mamita awiri kupita pansi, kapena madzi akakhala akuda olo usiku, makina amakhala oyaka tsiku lonse, pa LP, bimu yotambasuka, kachimutu kali kumunsi kwa ayisi, pansi pa ndowa yokhalira nditayala kachidutswa ka kapeti kuti isakhule ndikamatembenuka.